Thandizeni maganizo: ulendo wa panjinga kuchokera ku Nkhotakota

Abale, ine ndi mnzanga tikufuna kupalasa njinga ulendo wautali mu July muno. Tiyambira pa Boma la Nkhotakota, kukwera msewu wa M18 wopita ku Kasungu, kenako Mzimba mpaka ku Rumphi kumene South Rukuru amadutsa pakati pa mapiri pa Njakwa, n'kutsikira ku Chiweta. Pobwerera tidzera Mzuzu, Nkhata Bay ndi Dwangwa.

Chikundisowetsa tulo ndi nkhalango ya Nkhotakota, kuchigwa cha Bua. Muja a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, komanso muli kashembe woluma ngakhale pamwamba pa malaya. Kodi pachipata amalola wanjinga kudutsa yekha, kapena tikweze njinga pa lole? Amene mwadutsako posachedwa tiuzeni.

China ndi mabuleki. Yanga ndi yamagiya, yogula pa kaunjika, koma pa kaliyala padzakhala katundu wolemera: tenti, kapoto, ufa pang'ono ndi zigubu za madzi. Marabala wamba angapirire chitsikitsiki cha Chiweta osapsa? Chubu, zigamba, pampu ndi masipoko apadera tatenga kale.

Mnzangayu akuti tiyambe ndi kunyanja, mwera uzitikankha kumsana popita kumpoto. Ine ndikuona kuti ali ndi mfundo, ngakhale kukwera Chiweta ndi katundu si masewera. Inu mungatani?

Malo ogona otchipa pakati pa Kasungu ndi Jenda mukuwadziwa?