Inshuwalansi ikukana kulipira opaleshoni yochepetsa chifu, ndithandizeni nzeru

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Adokotala andiuza kuti ndikachitidwe opaleshoni yochepetsa chifu, ija amati gastric sleeve, chifukwa BMI yanga, muyeso wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika, yadutsa 40, komanso ndili ndi shuga ndi BP. Zakudya ndinasintha kalekale, kuyenda ndimayenda m'mawa uliwonse, koma sikelo siikutsika.

Vuto ndi kampani ya inshuwalansi ya zaumoyo yomwe timadulidwa kuntchito. Ndinapereka kalata ya adokotala ndi zotsatira za magazi, iwo akuti opaleshoniyi ndi yongokongoletsa thupi, siili pa sikimu yanga. Kukongoletsa kwake kuti munthu mawondo akukanika kukwera minibasi? Ndinapita ku ofesi kwawo, ndinalankhulanso ndi a HR, onse akungoti ndidikire.

Adokotala akuti ndikapangire ku India kapena ku South Africa, ndiye pafunikanso chilolezo cha chithandizo chakunja ndisananyamuke.

Alipo amene sikimu yake inavomera opaleshoni yotereyi? Munapereka mapepala anji, lipoti la katswiri wa zakudya linafunika? Nanga apilo yake imalembedwa kwa ndani?