Ndabwerako ku Livingstonia: za funso langa lija

Mwezi wathawu ndinafunsa chifukwa chomwe amishoni anakamangira pamwamba pa phiri m'malo mokhala kunyanja komwe kuli madzi ndi nsomba, komanso ngati nyumba zakalezo zikadalipo. Ndapitako ndekha tsopano, zikomo nonse amene munandiyankha.

Amene munati ndi malungo munalondola. Anayambira ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, koma konseko maliro sankatha. Mu 1894 mtsogoleri wawo, Dr Robert Laws, anakwera ku Khondowe, komwe kuli Livingstonia lero, kozizira, kopanda udzudzu wambiri.

Msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba musauderere. Makhotolo ndi 20, ndipo pa lachisanu ndi chiwiri mayi wina m'galimoto mwathu anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza. Ine ndinangogwiritsa mpando.

Nyumba zilipo. Zambiri ndi za njerwa zootcha zofiira, za makhonde otakata, zitandandalika m'mphepete mwa msewu pakati pa mitengo ya paini. Stone House ya 1903, momwe ankakhala a Laws, ndi ya miyala, ndipo pano muli zinthu zakale zoonetsa alendo. M'tchalitchi muli zenera la magalasi amitundumitundu loonetsa David Livingstone, nyanja ili kumbuyo kwake.

Koma chinandikhudza ndi miyala yoyera ili pa kapinga, yolembedwa "Ephesians 2:14", vesi lonena kuti Khristu ndiye mtendere wathu amene anagumula khoma lolekanitsa anthu. Mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti, boma la atsamunda linafunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kuwathawitsa. Yankho analiyala pansi kuti a m'ndege ya boma awerenge: sachoka, akhala limodzi ndi anzawo akuda.

Ku mathithi a Manchewe sindinafike, mvula inandibweza.