Thandizeni kusankha ampu yaing'ono ya masipika a malemu bambo anga

Mwini funso: Moni nonse pa gulu pano. Ndili ku Mulanje, cha ku Chitakale. Pepani nditalikitsako kuti odziwa asavutike ndi kundifunsa.

Ndili ndi masipika awiri a matabwa amene anatsala pa wailesi ya malemu bambo anga, ija ya makaseti awiri ndi CD pamwamba. Wailesiyo inapsa dzinja lathali mphenzi itaomba usiku, a m'munsi mwa phirili mukudziwa mmene ziphaliwali zimachitira kuno. Koma masipika ngamoyo. Ndawayesa pa wailesi ya aneba, akulira bwinobwino, bezi yake yomvekera pachifuwa. Kuseri kwake kuli kapepala kolembedwa 6 ohms, 40W. Alibe pulagi, sipika iliyonse ili ndi mawaya awiri basi, wofiira ndi wakuda.

Lachinayi lililonse a kwaya amabwera kwathu kudzaphunzira nyimbo, ndipo nyimbozo zili mu laputopu. Mvula ikangoyamba kuwaza pa malata, timakhala ngati tikuonera kanema wa osalankhula, anthu 14 kuunjikana pa kalaputopu makutu tcheru. Ndiye ndinayesa nzeru zayekha, ndinadula waya wa mahedifoni n'kulumikiza ku masipikawo. Mawu anatuluka, koma ngati udzudzu uli mu botolo.

Loweruka pa msika wa Limbuli ndinaona ka ampu (kachipangizo kokweza mawu opita ku masipika) kukula kwake ngati sopo wochapira, kolembedwa 500W, ka 12V, mtengo wake wabwino. Msuweni wanga wa ku Limbe wanditumizira chithunzi cha ina yolembedwa 50W x 2, koma yokwera mtengo kuposa ya 500 ija. Apa ndiye mutu waima. Zing'onozing'ono zidula bwanji kuposa zazikulu? Ndipo ya 500 ija singaotche masipika anga a 40? China, ndili ndi batire ya sola ya 12V, ndikufuna yoti magetsi akathima kwaya isabalalike.

Mnyamata wa kabaza pa Boma: Bwana gulani wufa yamakono, ya rimoti, zithe. Masipika a nthawi ya Kamuzu mukulimbana nawo chifukwa chiyani?

Mwini funso: Achimwene, awa si masipika wamba. Bambo ankamvera nawo maliro a pa wailesi ndi mpira. Sangapite.

Mmisiri wa ku Luchenza: Musataye masipika amenewo, mabokosi akale a matabwa amalira bwino kuposa mapulasitiki ambiri a lero. Ndiyambe ndi udzudzu uja. Bowo la mahedifoni limatulutsa mphamvu yochepetsetsa, yosakwana ngakhale wati imodzi, yongokwanira timasipika ta m'makutu. Musabwerezenso, mungafoole mbali ya mawu ya laputopuyo.

Tsopano 500W. Limenelo ndi bodza la pa katoni, ndipo mutha kuligwira nokha osatsegula kanthu. Yang'anani adaputa imene akugulitsira limodzi. Mupeza yalembedwa 12V 2A kapena 3A. Chulukitsani: 12 x 2 ndi mawati 24, 12 x 3 ndi 36. Ampu siingatulutse mphamvu yoposa imene yadya. Kuti ifike 500 pa 12V iyenera kukoka ma amps opitirira 40, kawaya kopyapyala kaja kangasungunuke ngati kandulo. Manambala aakuluwo amawalemba kuti PMPO. Inu muzifunsa RMS, ndiye muyezo woona.

Ya msuweni wanuyo, mufunseni awerenge ngati mkati mwake muli chipu ya TPA3116D2, yopangidwa ndi Texas Instruments. Ili m'timaampu tambiri ta mtundu wotchedwa Class D, monga Fosi Audio BT20A. Ubwino wake siitentha kwambiri, siwononga batire, ndipo imalandira magetsi kuyambira 4.5V mpaka 26V. Koma 50W x 2 ijanso ili ndi malamulo ake, imafika pamenepo ukaipatsa ma volts okwanira. Pa masipika anu a 6 ohms, masamu ake ali motere: pa 12V simungapitirire mawati 12 mbali iliyonse, pa 19V pafupifupi 30, pa 24V mukuyandikira 48. Musanyoze 12 ameneyo. Pabalaza la nyumba zathuzi aneba abwera kudzagogoda.

Mwini funso: Amisiri mwanditsegula m'maso. Ndayang'ana chithunzi chimene ndinajambula ku Limbuli, adaputa yake ndi 12V 2A ndithu! Ndiye kuti 500 ija ndi 24 yovala jekete?

Mmisiri wa ku Luchenza: Ndipo 24 yomweyo agawane masipika awiri, ina ithere m'kutentha.

Wophunzira wa ku MUST: Chidule ndi ichi akulu: pezani chaja yakale ya laputopu ya 19V 3.42A, imeneyo ndi mawati 65, muilowetse ku ampu iliyonse. Ine ndimatero ku hostel.

Mmisiri wa ku Luchenza: Mphwanga, mawu oti "iliyonse" afufute usanaliritse anthu. Timaampu tambiri totchipa ndi ta 12V basi, chipu ngati TA2020 singapirire 19V. Ukalowetsa umva fungo la mphira, nkhani yatha. Werengani kuseri kwa ampuyo, ngati palembedwa 12V–24V ndiye chaja ya laputopu ili bwino. Onaninso kachizindikiro ka pulasi ndi mainasi. Nthawi zambiri pulasi imakhala pakati pa kapulagi, koma kuona kumaposa kuganizira.

Wophunzira wa ku MUST: Zoona madala, yanga ndi ya 12V–24V. Ndinafulumira kamwa.

Mayi wa ku Bvumbwe: Achimwene, ine ndiwonjezere chimene amunawa sananene. Ndinagula ka ampu kotere ka mu saluni yanga, ndi waya uja wa kapini kamodzi mbali ya laputopu, mitu iwiri yofiira ndi yoyera mbali ya ampu. Laputopu ikakhala pa batire, zonse mwaa. Kungolowetsa chaja, masipika amayamba kung'ung'uza ngati njuchi zalowa mu denga, ndikagwedeza mausi kumveka tswii tswii. Ndinasintha waya kawiri, ndalama kupita pachabe. Anadzandiuza ndi mwana wa mchemwali wanga kuti phokosolo likuchokera ku magetsi a chaja, osati waya. Tinagula kachipangizo kakang'ono kotchedwa ground loop isolator, kolumikiza pakati pa laputopu ndi ampu, njuchi zinasamuka. Ndiye pokayesa musayese laputopu ili pa batire pokha. Yesani ili pa chaja, nyimbo mutaiimitsa, voliyumu mutakweza, khutu pa sipika.

Mwini funso: Zikomo kwambiri mayi, zimenezo sindikanaziganiza. Nanga Bluetooth siingathetse zonsezi?

Mayi wa ku Bvumbwe: Imathetsa, poti palibe waya wogwirana. Pa nyimbo za kwaya ilibe vuto. Koma pa filimu nthawi zina milomo imatsogola, mawu n'kumabwera pambuyo ngati mkamwini wamanyazi. Gulani yokhala ndi zonse ziwiri.

Agogo a ku Thekerani: Ana inu mukukamba za mawati, ine ndikuti masipikawo asakhale pansi pa simenti. Chiperoni chikabwera mu Juni matabwa amafufuma, pepala la sipika limachita nkhungu. Aikeni pa shelefu. Ndipo kukayamba kugunda, zulani mapulagi onse. Mphenzi siinaiwale njira ya kwanu.

Mwini funso: Ndamva agogo. Amisiri, ya batire ya sola ija simunaiyankhe. Ndidutsitse pa invata?

Mmisiri wa ku Luchenza: Ayi, kumeneko n'kuzungulira. Ampu imadya magetsi a mtundu wa DC, batire imapereka DC yomweyo, lumikizani mwachindunji. Invata ingowononga mphamvu, ndipo zotchipa zimabweretsa njuchi zija mayi anenazi. Koma ikani fyuzi ya 5A pa waya wofiira, pafupi ndi batire, ndipo musasemphanitse mawaya.

Zina ziwiri, poti ndimaziona mowirikiza pa benchi yanga. Mawaya akuda a masipika awiriwo musawamange pamodzi. Pa mawailesi ena akale zinkatheka, koma pa timaampu iti waya wakudanso uli ndi mphamvu, mukawaphatikiza mwapanga shoti. Chachiwiri, a kwaya asadzakunyengeni kuti muwonjezere masipika ena pa mabowo omwewo. Awiri a 6 ohms pa bowo limodzi amasanduka 3 ohms, pamene ampu zambiri zimafuna 4 kupita m'mwamba. Ndipo mukamva mawu ayamba kusasa, tsitsani voliyumu. Masipika ambiri amene ndimakonza sanaphedwe ndi ampu yaikulu, anaphedwa ndi yaing'ono yoikakamiza mpaka kumapeto.

Mwini funso: Msuweni wayankha. Akuti kuseri kwalembedwa 12V–24V, 4–8 ohms, ili ndi Bluetooth komanso mabowo ofiira ndi oyera, koma akugulitsa popanda adaputa. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Limbe nditanyamula laputopu, chaja yake, ndi sipika imodzi m'thumba la feteleza kuti ndikayesere pomwepo.

Mnyamata wa kabaza pa Boma: Konzekerani kulipira mipando iwiri bwana. Kondakitala samva za malemu.

Mmisiri wa ku Luchenza: Mukamabwerera tsikani pa Luchenza ndikuikireni fyuziyo. Bweretsani waya wa mamita awiri, wokhuthala, osati wa mahedifoni uja.