Ndithandizeni kanema wa mbuzi zokwera mumtengo za ku Morocco

Moni nonse abale. Ndili kwa Chinkhoma, ku Kasungu. Pa WhatsApp pakuyenda chithunzi cha mbuzi zili pamwamba pa mtengo ngati anyani. Kumwera chakumadzulo kwa Morocco mbuzi zimakweradi mitengo ya argan kukadya zipatso, zomwe njere zake amayenga mafuta odzola. Koma bambo anga, alimi a mbuzi kuyambira kale, akuti ndi zopanga pakompyuta basi.

Ndasaka pa YouTube, bandulo yathera panjira. Pa Facebook pali zithunzi zokhazokha, ndipo zina sindikuzikhulupirira, poti kumeneko ena amachita kuzikweza mbuzizo kuti alendo azilipira pojambula. Foni yanga ndi ka Itel kakang'ono.

Alipo amene ali ndi kanema wamfupi, woonetsa mbuzi ikukwera yokha kuchokera pansi? Chonde nditumizireni ndiwaonetse akuluwa.