Abwana andilembera kuti "please comment", ndiwayankhe chiyani?

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. M'mawa uno ndapeza envulopu patebulo langa, pamwamba pa pepala abwana alemba ndi cholembera chofiira kuti "Please comment by Friday". Basi. Ine ndimagwira ku stores. Malipiro a mwezi watha anachedwa, landilodi wasiya kuyankha moni wanga, komanso kuli mayi wina ku accounts amene amandida chikanireni kulowa chipereganyu chake. Ndikukayikira kuti ndi iyeyo wandipangira zimenezi. Kodi akufuna ndipepese, ndifotokoze, kapena ndingosaina? Akazi anga akuti ndilembe "noted".

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, vuto la ana a masiku ano ndi kusadziwa kumene mawu achokera. Comment ndi mawu a Chilatini, commentum, ochokera ku comminisci, kutanthauza kupeka kapena kulingalira chinthu mumtima. Ndi pachibale ndi mens, maganizo, kumene kunachokeranso mental. Analowa m'Chingerezi cha m'ma 1400, ndipo nthawi imeneyo ankatanthauza ndemanga yolembedwa pomasulira buku lovuta kumva. Ngakhale zimene Julius Caesar, mtsogoleri wa Aroma, analemba za nkhondo ya ku Gaul (dera la France wa lero) zimatchedwa Commentarii.

Dalaivala wa ku Joni: Madala, munthu ntchito ikumuthera inu mukumupatsa Caesar 😂 Achimwene, lembani "no comment" ngati andale mukapume.

Make Mapasa: Musayerekeze! Ine ndinayankha choncho pa kampani ina atandifunsa za ndalama za mafuta, pa hearing anati ndinapatsidwa mpata ndinaukana ndekha. Mpaka lero ndikugulitsa kaunjika. Ndipo amene anadya ndalamayo anamukweza.

Aphunzitsi Opuma: A dalaivala, "no comment" yanuyo mukuidziwa? Winston Churchill, mtsogoleri wakale wa Britain, mu 1946 ali ku America anaiyamikira pamaso pa atolankhani, nati anaitola kwa Sumner Welles, mkulu wina wakale wa boma la America. Koma iye anali Churchill, sanali wa ku stores. Chinanso, mphamvu ya liwu imagwera pa COM, osati pa MENT monga ndimamvera pa wailesi. Ndipo timati comment ON, osati "comment the report".

Mnyamata wa IT: Kwathu kuno comment ndi mzere woyamba ndi # mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, kompyuta imangoudumpha osauwerenga. Mwina abwana anunso sawerenga, musadandaule.

Wa Union: Nonsenu mukuyankha musanafunse chachikulu. Bambo, pepalalo lalembedwa chiyani? Ngati ndi lipoti kapena ndondomeko yatsopano, akungofuna maganizo anu, chili bwino ndi chiti, chosintha ndi chiti. Ngati ndi dandaulo lokhudza inu, akukupatsani mpata woti mbali yanu imveke. Pamenepo yankhani mfundo iliyonse payokha, ikani madeti ndi manambala a ma voucher, musapepese pa zomwe simunachite, ndipo sungani kope yanu. "Noted" amangosonyeza kuti mwaona, si yankho.

Make Mapasa: A union mumalankhula bwino pano, koma tsiku langa lija simunabwere.

Aphunzitsi Opuma: Ndiwonjezereko. Pa mayeso akati "comment on", safuna kuti ubwereze nkhaniyo, amafuna chigamulo chako ndi zifukwa zake. Ophunzira anga ambiri ankagwera pomwepa. Remark ndi mawu ena, anadzera ku Chifalansa, remarquer, kuona chinthu ndi kuchitchula mongodutsa.

Dalaivala wa ku Joni: Madala, kalasi ituluka nthawi yanji?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Mayi uja wadutsa pano akuseka pafoni, ndiye mukuona? Ndilembe mizere ingati?

Wa Union: Bambo, PEPALALO LIKUTI CHIYANI?

Aphunzitsi Opuma: Osalemba ndi zilembo zazikuluzikulu pagulu, a union, ndi mwano. M'masiku athu ukanagwada panja.