Loweruka tiwaonetse bambo kanema wawo

Achemwali akulu: Mwaswera bwanji nonse. Chichotsereni ng'ala m'maso, bambo akungokamba za makanema akale amene ankaonera ali mnyamata. Dzulo pafoni andiuza kuti akufuna kuonanso ya mafupa ija. Ndiye ndati Loweruka likubwerali tikumane kunyumba, tiwakonzere usiku wa kanema. Amene angathe abwere ndi ana.

Chitsiriza: Zoona achemwali. Panopa akumawerenga ngakhale timawu toyenda pansi pa nkhani za pa TV tija. Koma ya mafupayo dzina lake lawathawa. Akungoti anthu a mafupa okhaokha akumenyana ndi malupanga.

Achimwene ku Johannesburg: Otero alipo awiri, ndipo zidole zake anapanga munthu mmodzi, Ray Harryhausen. Tawafunsa iwe, wamafupayo anali yekha kapena linali gulu? Ngati anali yekha, akumenyana pa masitepe ozungulira, imeneyo ndi The 7th Voyage of Sinbad ya 1958, muli chimphona cha diso limodzi. Ngati linali gulu, ndi Jason and the Argonauts ya 1963.

Chitsiriza: Ndawafunsa. Akuti ankaphuka m'dothi ngati chimanga, mfumu ina itafesa mano a chinjoka. Mpaka aimirira pakhonde kundionetsa mmene ankagwirira zishango, ndodo yawo ili m'mwamba.

Achimwene ku Johannesburg: Ndi ya Jason imeneyo. Amafupawo alipo 7. Ikafika pamenepo udzawauze izi, adzakondwa: nthawi imeneyo zoterezi sankapangira pa kompyuta. Tinali tizidole tating'ono tokhala ndi mfundo zachitsulo m'kati. Mkuluyo ankakasuntha pang'ono n'kujambula chithunzi chimodzi, kukasunthanso n'kujambulanso, chonsecho sekondi imodzi ya kanema imadya zithunzi 24. Ndewu ya mphindi zochepa ija inamutengera miyezi yoposa 4.

Azakhali: Ana inu, ndawerenga zonse. Ya mafupayo ndilibe nayo mawu. Koma alongo angawo ndimawadziwa ine, ikangotha imeneyo adzafuna ya Dracula. Zoyamwa anthu magazi, zogona m'bokosi la maliro, m'nyumba yopemphera? Adzukulu ali pompo? Anawa amamva kale nkhani za afiti kwa anzawo, mukawaonjezera izi adzakana ngakhale kupita okha kuchimbudzi.

Chitsiriza: Mwalasa azakhali, aitchula kale m'mawa uno.

Amayi: Alamu, za anazo mukunena zoona. Koma za abambo awowa ndiloleni ndinenepo. Dracula ameneyo tinakaonera limodzi tili pachibwenzi. Ine theka la kanema ndinabisa nkhope m'chitenje, iwo akundinong'oneza kuti tsegula maso, chapita. Munthuyu wakhala nthawi yaitali osazindikira ngakhale nkhope ya mdzukulu wake pokhapokha alankhule. Lero akuona, ndipo chimene wapempha n'chimenechi. Ndikufuna ndidzakhale pambali pawo ikamaonetsedwa.

Azakhali: Ndamva alamu. Sindikufuna kuwamana. Nkhawa yanga ndi ana basi.

Mlamu: Bwanji tichite chonchi: ya Jason iyambe 6 koloko tonse tili pabalaza, ikatha ana adye, ndikawagoneke kuchipinda cha kumbuyo. Ya Dracula ikhale ya akuluakulu okha, cha m'ma 9.

Achimwene ku Johannesburg: Zili bwino zimenezo. Ya Jason siifika maola awiri. Koma amayi, ya Dracula yake iti? Ilipo ya 1931 ya Bela Lugosi, yopanda mitundu, yoyenda pang'onopang'ono, moti ngakhale mano akuthwa aja saoneka, poluma munthu kamera imachokapo. Ilipo ina ya 1958 yopangidwa ku Britain, ya Christopher Lee. Imeneyo ndi yamitundu, maso ofiira, magazi pakamwa.

Amayi: Inali yamitundu. Chimene sindiiwala ndi kumapeto. Mdokotala uja anathamanga pamwamba pa tebulo n'kudumphira makatani, dzuwa linalowa m'nyumba. Kenako anapingasa zoikapo makandulo ziwiri kupanga mtanda, chinthu chija n'kusanduka phulusa. Pamenepo pokha ndi pamene ndinayang'ana osaphethira.

Achimwene ku Johannesburg: Ya 1958, mdokotalayo ndi Peter Cushing. Onse awiri ndili nawo pa DVD. Mnzanga wina akukwera basi Lachitatu, pofika Lachisanu akhala ali ku Blantyre. Iwe chitsiriza ukamuchingamire kudepoti, nambala yake ndikutumizira kumbali.

Amalume: Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Bwanji osaonjezerapo Frankenstein ya 1931, ya Boris Karloff? Alamu anga ankaikondanso.

Achemwali akulu: Ayi amalume, imeneyo tsiku lina. Muli pena pamene chimunthu chija chimaponya kamtsikana m'nyanja, kenako bambo wake akuyenda nako m'manja pakati pa mudzi. Amayi sangapirire, komanso atatu usiku umodzi maso a bambo atopa.

Amalume: Chabwino mwanawe. Ndiye ine ndibwera ndi batire ndi inveta, magetsi akati azime tisadzasiyire pakati. Chitsiriza, DVD yapanyumbapo uiyese lero lomwe, yakhalitsa osagwira ntchito. Upukute ndi fumbi lomwe.

Chitsiriza: Ndaiyesa ndi chimbale cha kwaya, ikuwerenga. Rimoti yokha ikufuna mabatire. Funso lina: ana sangamve Chingerezi chake. Ndikafufuze kwa anyamata oika makanema m'mafulashi ngati ali ndi yomasuliridwa m'Chichewa?

Achemwali akulu: Usavutike. Omasulira aja amalankhula pamwamba pa chilichonse, nyimbo osamveka. Bambo akufuna aimve mmene anaimvera kale. Ndipo ukuganiza kuti adzakhala chete? Adzakhala akuwafotokozera okha adzukulu kuti uyu ndi ndani, akufunafuna chikopa cha nkhosa chagolide chifukwa chiyani. Asiyeni adzachite zimenezo, n'zimene akuzisowa.

Mlamu: Ine ndikazinga mbuliuli ndi mtedza. Thobwa ndani?

Azakhali: Thobwa ndi langa, nditereka Lachinayi. Ndibwera ndithu. Ya Dracula ikamayamba ndidzakakhala ndi ana kuchipinda, ndidzawaimbire nthano mpaka agone. Koma tisanayatse chilichonse tidzayambe tapemphera, kuthokoza chifukwa cha maso amenewa.

Amayi: Mudzatitsogolera ndinu alamu.

Achemwali akulu: Pempho langa limodzi kwa achinyamata nonse: mafoni m'thumba. Bambo akatembenuka kuti aone ngati mwaona chimene aona iwo, adzapeze maso anu ali pa TV. Mpando wawo usunthidwe ufike kutsogolo, wa amayi pambali pake, ena tonse pamphasa. Kababu kamodzi ka pakhonde kasiyidwe koyaka kuti asapunthwe potuluka.

Achimwene ku Johannesburg: Foni imodzi yokha muilole achemwali. Mfumu ija ikayamba kufesa mano, wina andiimbire pavidiyo, aloze kamera kwa bambo, osati ku TV. Ya bandulo ndi ya mabatire a rimoti ndatumiza kwa chitsiriza.

Chitsiriza: Yafika achimwene. Ndikawauze bambo kapena tiwadzidzimutse?

Amayi: Kawauze pompano. Adzafuna kumeta ndi kusititsa malaya awo oyera.