Loya akufuna lipoti la Chapter 74 koma fayilo ndi chipwirikiti

Nabanda:
Anzanga anamwino olangiza maloya, thandizeni, mutu waima. Loya wa ku Texas, mbali ya odandaula, wanditumizira PDF imodzi ya masamba 3,800. Mlandu wa nursing home (nyumba yosamalira okalamba), agogo anatuluka ndi chilonda cha pabedi cha stage 4, chozama kwambiri, pa sacrum (m'munsi mwa msana), kenako sepsis (matenda a m'magazi), n'kumwalira kuchipatala. Bates (manambala otsatizana a masamba a mlandu) palibe, masamba ena abwerezedwa katatu, ena ndi opendama moti OCR, pulogalamu yowerenga zilembo, ikukana. Braden (muyeso wa chiopsezo cha zilonda za pabedi) ili 19 sabata ndi sabata pomwe munthu anasiya kale kuyenda, ma turning log (kaundula wotembenuza wodwala) a CNA, othandizira anamwino, onse q2h (maola awiri aliwonse) osaphonya ndi kamodzi komwe. Pa masiku 120 operekera lipoti la katswiri pansi pa Chapter 74, lamulo la ku Texas la milandu ya zachipatala, patsala 26. Akufuna chronology (ndandanda ya zochitika motsata nthawi), akufunanso ndisayine kuti chilondacho ndicho chinawapha. Za ndalama akuti tidzaona mlandu ukatha. Ndiyambire pati?

Mbewe RN:
Muyambire kutseka fayiloyo, achemwali. Retainer, ndalama yolipiriratu, isanalowe musawerenge tsamba ndi limodzi lomwe. Kalata ya mgwirizano isainidwe: mtengo pa ola, maola khumi olipiriratu, invoice mwezi uliwonse, ndipo wolipira ndi ofesi ya loya, osati abale a malemu.

Nangondo:
Za kusayina kuti chilonda ndicho chinapha, ayi. Ku Texas ndime 74.403 imafuna dokotala pa nkhani ya causation, chomwe chinachititsa imfa. Namwino amalankhula za standard of care (chisamaliro choyenera) yokha, pansi pa 74.402, ndipo ayenera kukhala wogwira chisamaliro cha mtundu womwewo. Ndiye pakufunika malipoti awiri, lanu ndi la dokotala. Muuzeni loyayo lero, masiku 26 ndi ochepa kupeza dokotala. Lipoti likapanda kuperekedwa m'nthawi yake mlandu umatayidwa osadzabweranso, ndipo odandaula amalipira ndalama za maloya a mbali inayo. Masiku 30 omwe khoti lingawonjezere ndi okonzera lipoti lomwe laperekedwa koma n'loperewera, si a munthu amene sanapereke kanthu.

Achimwene a ku ICU:
Fayilo: sungani yoyambirira osaikhudza, gwiritsani ntchito kope. Ikani Bates pa masamba onse mu Acrobat Pro musanachotse obwerezedwa, apo ayi manambala anu sadzagwirizana ndi a loya. Ndiponso obwerezedwawo musafufute msanga. Ayikeni pambali n'kuwafanizira, chifukwa nthawi zina tsamba "lomwelo" linasindikizidwa masiku awiri osiyana ndipo lina lili ndi late entry (yolembedwa mochedwa) yomwe linzake lilibe. Apo ndi pamene pagona mlandu. Kenako gawani: admission skin assessment, MDS (fomu ya boma younikira wodwala), care plan, TAR ndi MAR (makaundula a chithandizo ndi mankhwala), wound notes, masikelo, ndi za kuchipatala tsiku lomwe anagonekedwa.

Nangondo:
Braden ya 19 ija ifanizireni ndi MDS. 19 ndiye kuti alibe chiopsezo, chiopsezo chimayambira 18 kutsika. Ngati MDS ikuti munthu sangadzitembenuze pabedi ndipo amadzinyowetsera, ndiye zigawo za Braden za mobility, activity ndi moisture sizingapereke 19. Onani Section M ya MDS kuti chilonda chinalembedwa liti ndi stage yanji, ndi Section K ngati kulemera kwake kunatsika 5% pa masiku 30 kapena 10% pa masiku 180. Mbali inayo idzati chilondacho chinali chosapeweka, mawu a F686 (lamulo la boma la zilonda za pabedi), kapena idzatchula Kennedy ulcer, chilonda chomwe chimatuluka munthu akayandikira kumwalira. Yankho lake lili mu care plan: kodi inasinthidwa khungu litayamba kufiira? Matiresi apadera anaitanitsidwa liti, anafika liti?

Mbewe RN:
Zonsezo ndi maola 40 kapena kuposa. Aulere?

Mayi Wound Care:
Ma log osaphonya amenewo musawatchule kuti ndi abodza m'lipoti, mulibe umboni panopa. Loya apemphe audit trail, mbiri ya zonse zodinidwa pa kompyuta. Ngati ndi pulogalamu ya PointClickCare kapena ina, imaonetsa nthawi yomwe batani linadinidwa, osati yomwe yalembedwa. Zimapezeka kuti kutembenuza kwa shifiti yonse kunadinidwa mphindi imodzi cha m'ma 6 koloko m'mawa, kapena wodwala "anatembenuzidwa" pa bedi lake ali ku dialysis. Apemphenso ndandanda ya ogwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo ma CMS-2567 (malipoti a oyendera a boma) a malowo ndi apoyera. Kungoti audit trail sibwera m'masiku 26, lipoti loyambali lidalire zomwe zili m'manja.

Achimwene a ku ICU:
Chenjezo lina. Muli consulting (wongolangiza loya) kapena testifying (wokachitira umboni)? Funsani musanalembe chilichonse. Mukasayina lipoti dzina lanu lapita kumbali inayo pamodzi ndi CV. Ndipo ku Texas, consulting expert amene maganizo ake awerengedwa ndi testifying expert amatha kufufuzidwa naye. Choncho chronology yopita kwa dokotala ikhale youma: tsiku, nthawi, zomwe zalembedwa, wolemba, nambala ya Bates. Ndemanga zanu muuzeni loya pafoni.

Nabanda:
Ndiye ndipange ma chronology awiri? Column ya ndemanga ndinayamba kale kudzaza.

Mayi Wound Care:
Musafufute kanthu musanafunse loya. Imani pomwepo, mumuimbire.

Mbewe RN:
"Ndinayamba kale." Mwaona? Asisi, kulipidwa mlandu ukatha si nkhani ya njala yokha. Ngati malipiro anu adalira kupambana, pa deposition, pofunsidwa ndi maloya a mbali inayo mutalumbira, funso loyamba lidzakhala limenelo, ndipo umboni wanu wathera pomwepo. Mboni ya ukatswiri salipidwa motengera zotsatira za mlandu, ndipo Rule 5.04 ya ku Texas imaletsa loya kugawana fee ndi munthu yemwe si loya. Iye akudziwa zimenezi bwino lomwe.

Nangondo:
A Mbewe tamva, kachitatu tsopano. Mwina akungotanthauza kuchedwetsa invoice.

Mbewe RN:
Kuchedwetsa mpaka liti? Milandu imeneyi imatenga zaka. Akaluza mudzakamupeza kuti?

Mayi Wound Care:
Pa mbali ina, PDF imeneyo inabwera bwanji? Ngati ndi pa imelo wamba, muuzeni atsegule portal. Ndipo inshuwalansi yanu ya unamwino muifunse ngati ikuphimba ntchito ya consulting, zambiri zimafuna kuwonjezera padera.

Achimwene a ku ICU:
Alipo amene akudziwa ngati maola a mlandu wosalipidwa amawerengedwa pa maola 2,000 ofunika pa LNCC, satifiketi ya anamwino olangiza maloya?